Mvula Ikasokoneza Ulendo Wokwera Phiri la Mulanje

Gulu likasonkherana ndalama kwa miyezi iwiri, galimoto n'kubwerekedwa, tchuthi n'kupemphedwa kuntchito, kenaka tsiku lonyamuka kumwamba n'kuda bii, mtima umakana kubwerera. Ngozi za m'phiri nthawi zambiri zimayambira pamenepa, anthu akakakamira ulendo chifukwa cha ndalama zomwe zapita kale. Choncho zoti mudzachite mvula ikadzabwera zigwirizanidwe mukadali kunyumba, mitima ili m'malo. Kunyowa pakokha sikuvulaza munthu. Zovulaza ndi zimene mvula imabwera nazo: mitsinje yodzadza mwadzidzidzi, matanthwe oterera, nkhungu yosokeretsa, ndi kuzizidwa kwa munthu wonyowa amene mphepo ikumuwomba pamwamba.

Nyengo ndi mbali ya phiri

Mvula ya dzinja kuno imayamba cha mu Novembala kapena Disembala n'kukafika mu Epulo. Januwale, Febuluwale ndi Malichi ndiyo miyezi yovuta, chifukwa nthaka imakhala itakhuta kale madzi, ndipo mvula iliyonse yogwa imangothamangira mumtsinje. Ndi miyezi yomweyinso imene anamondwe ochokera kunyanja ya mchere amadutsa ku Mozambique n'kudzagunda phirili, monga Idai mu Malichi 2019, Ana mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023. Kukangolengezedwa namondwe, ulendo wathera pomwepo, palibenso zokambirana.

Dzinja likatha musaganize kuti zatha. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kumabwera chiperoni, mvula yowaza ya nkhungu ndi mphepo yozizira, yomwe imatha kugona masiku atatu kapena anayi dzuwa osaoneka. Chiperoni sichidzadzitsa mitsinje kwenikweni, koma chimasokeretsa ndi kuziziritsa. Mu Julayi 2009 mnyamata wa ku Brazil, Gabriel Buchmann, anapitirira yekha kulowera ku Sapitwa, msonga wautali kwambiri wa phirili, nyengo inasintha, ndipo anakapezeka atamwalira patadutsa masiku ambiri. Imeneyo inali miyezi yomwe anthu amati ndi yabwino kukwera phiri.

Mphepo yonyowa imachokera kummwera chakum'mawa. N'chifukwa chake mbali ya Lujeri, Muloza, Lichenya ndi chigwa cha Ruo imalandira mvula yoposa mamilimita 2,000 pachaka, ndipo minda ya tiyi ili mbali imeneyo. Mbali ya Phalombe ndi Fort Lister ndi youmirapo. Ngati nyengo ili yokayikitsa, funsani wokutsogolerani ngati kukwerera kumpoto kungakhale kwabwinopo kusiyana ndi kummwera. Kumbukiraninso kuti kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 aliwonse omwe mwakwera. Kuchokera pa boma la Mulanje kukafika pa Sapitwa, pamtunda wa mamita 3,002, mumakwera mamita oposa 2,000. Mvula yomwe pa Chitakale mungayende nayo ndi malaya okha, pamwamba imanjenjemeretsa.

Musananyamuke kunyumba

Choyamba, onjezerani tsiku limodzi lopanda pulogalamu. Ulendo wa masiku atatu muuwerengere anayi, pa chakudya, pa ndalama, ndi pa tchuthi chakuntchito. Tsiku limeneli ndi lofunika kuposa chovala chilichonse chomwe mungagule. Munthu amene akufunika kuntchito Lolemba m'mawa amawoloka mtsinje wodzadza Lamlungu madzulo. Amene ali ndi tsiku lapadera amakhala pansi n'kudikira.

Chachiwiri, tsatirani zanyengo kwa masiku atatu ulendo usanachitike. Nthambi ya boma yoona zanyengo imalengeza pa wailesi ndi pa Facebook. Zolosera za pa foni zimanena za pa boma, osati za pa Chisepo, nyumba yogona ya m'phiri pafupi ndi Sapitwa, choncho muimbirenso wokutsogolerani pa Likhubula, poyambira kukwera phiri, n'kumufunsa mafunso enieni: mvula yagwa masiku angati otsatizana, mtsinje wa Likhubula uli pati, madzi ake ndi oyera kapena ofiira, amene atsika dzulo akuti njira ili bwanji. Otsogolera ndi onyamula katundu olembetsedwa amapezeka ku ofesi ya zankhalango pa Likhubula, ndipo m'nyengo yamvula kukwera opanda mmodzi wa iwo n'kuika moyo pachiswe.

Pa foni yomweyo gwirizanani za ndalama. Ulendo ukalephereka m'mawa wonyamuka alipidwa zingati, mukabwerera panjira alipidwa bwanji, mukagona tsiku lowonjezera malipiro ndi chakudya zikhala motani. Nkhaniyi ndi yachitetezo. Wotsogolera amene akudziwa kuti mukabwerera salandira kanthu zimamuvuta kunena kuti tibwerere, pamene amene mwamutsimikizira malipiro a tsikulo amakuuzani zoona.

Siyani kwa munthu mmodzi kunyumba mayina a gulu lonse, njira yokwerera, nyumba zomwe mugonemo usiku uliwonse, nambala ya wotsogolera, ndi nthawi yoti akapanda kumva kwa inu ayambe kuimbira ku ofesi ya zankhalango ndi kupolisi ya Mulanje. Nthawiyo iwerengere tsiku lapadera lija, kuti asadzidzimutse anthu inu mukungodikira mtsinje.

Kulongedza moti madzi asalowe

Palibe chikwama chomwe sichilowa madzi mvula ikagwa maola atatu. Kansalu kophimba kunja kamathandiza pang'ono chabe, chifukwa madzi amatsikira kumsana n'kulowera m'misoko. Njira yodalirika ndi kuika thumba lalikulu la pulasitiki yokhuthala m'kati mwa chikwama, katundu yense n'kulowa m'thumbamo, pakamwa n'kupotokola n'kupindira pansi. Mapulasitiki a m'kati mwa matumba a feteleza, otsukidwa bwino, amagwira ntchitoyi. M'kati mwa thumba lalikululo, chogonera ndi zovala zogona nazo zikhale m'thumba lachiwiri lomangidwa palokha.

Zovala zigawidwe pawiri: zoyendera ndi zogonera. Zogonera ndi juzi yokhuthala, buluku, masokosi awiri, ndi chipewa chaubweya, ndipo izi sizivalidwa poyenda ngakhale kuzizire bwanji. M'mawa mumavalanso zonyowa zadzulo. N'zowawa kwa mphindi 10 zoyambirira, kenaka thupi limazitenthetsa. Amene amavala zouma m'mawa wachiwiri amafika madzulo alibe chouma chilichonse, ndipo usiku umenewo ndi umene umagwetsa munthu. Jinzi ndi malaya a thonje zisiyeni kunyumba, chifukwa zikanyowa zimalemera, siziuma, ndipo zimakoka kutentha m'thupi. Majezi ampira ndi mabuluku othamangira a nailoni, omwe ali mbwee pa kaunjika, ndiwo abwino kuyendera.

Jekete la mvula likhale ndi chipewa chake. Ambulera imathandiza m'nkhalango zam'munsi, koma pamwamba mphepo imaithyola, komanso imakulandani dzanja lofunika kugwirira thanthwe. Nsapato zikhale zamano akuya ndi mphira wofewa; nsapato zatsopano zosayendedwapo zimatupitsa matuza mapazi akanyowa. Majombo amaterera pamwala ndipo akadzadza madzi amalemera. Pakani mafuta a Vaseline kuzala ndi kuchidendene musanavale masokosi.

Foni, batire yapadera, machesi mabokosi awiri, kandulo imodzi ndi ndalama zilowe m'botolo lapulasitiki lotseka bwino kapena m'majumbo awiri omanga. Tochi aliyense akhale ndi yake, osati ya pa foni. Gulu litenge wezulo, pepala lapulasitiki lalikulu la mamita 3 mulitali ndi 3 mulifupi loti anthu n'kubisalamo, bandeji yokulunga bondo kapena kakolo, mankhwala opha ululu ndi Thanzi. Wonyamula katundu asasenzetsedwe zoposa makilogalamu 18, ndipo kukaterera muchepetseko. Onaninso ngati iye ali ndi jekete la mvula ndi chofunda chouma, chifukwa amazizidwa chimodzimodzi ndi inu.

Chakudya cha tsiku lapadera, pa munthu mmodzi: makapu awiri a ufa kapena mpunga, ndiwo zosachedwa kupsa monga usipa kapena soya, kapu ya mtedza wokazinga, shuga, mchere ndi masamba a tiyi. Nyemba zouma zisiyeni. Pamtunda wa mamita 2,000 madzi amawira pa madigiri pafupifupi 93, nyemba zimachedwa, ndipo nkhuni zamvula ndi zosowa. M'thumba la jekete mukhale zodya poyenda, mtedza, nthochi, mabisiketi, chifukwa mvula ikamagwa anthu amachita ulesi kutsegula chikwama ndipo amayenda ndi njala.

Pamsewu

Kuchokera ku Limbe mungadzere msewu wa Midima kudutsa pa Nkando, kapena wa ku Thyolo kudutsa pa Luchenza. Wa ku Thyolo uli ndi makona ambiri m'minda ya tiyi ndipo nkhungu imakonda kugona pamenepo. Yatsani nyali zapansi, chepetsani liwiro, yembekezerani njinga ndi oyenda pansi m'mbali. Mukakhota pa Chitakale kulowera ku Likhubula, pafupifupi makilomita 10, mumayamba kudutsa mitsinje yochokera m'phiri. Madzi akadutsa pamwamba pa mlatho kapena pamsewu, imani. Madzi othamanga akuya masentimita 30 okha amanyamula galimoto yaing'ono, ndipo simungaone ngati pansi pakumbika. Minibasi kapena kabaza akafuna kuyesa, inu tsikani.

M'mawa wonyamuka pa Likhubula

Pano ndi pomwe ulendo umagamulidwa. Ngati mvula yagwa usiku wonse ndipo ikugwabe, kapena yagwa mwamphamvu masiku awiri otsatizana, musakwere tsiku limenelo. Pitani mukaone mtsinje ndi maso anu. Madzi ofiira onyamula nthambi akutanthauza kuti kumtunda kwagwa mvula yambiri, ngakhale pamene mwaimapo pali dzuwa.

Ngati usiku kunali kouma ndipo m'mawa kwacha bwino, nyamukani 6 koloko. Mvula ya mabingu ya m'dzinja imakonda kuyamba masana, mitambo itaunjikana kuyambira cha m'ma 11 koloko. Kukafika ku nyumba ya Chambe ndi maola atatu kapena anayi kwa gulu loyenda bwino, choncho wonyamuka m'mamawa amafika mvula isanayambe, pamene wonyamuka 10 koloko imamupeza pamalo oipa. Kukaterera, onjezerani theka pa nthawi iliyonse yomwe mwauzidwa: ulendo wa maola anayi muuwerengere 6.

Njira ya Chapaluka, yodzera cha ku Dziwe la Nkhalamba, imatsata chigwa ndipo imakumana ndi madzi. Ya Skyline ndi yachitunda kwambiri koma imachoka msanga m'chigwa. Njira ya Boma, yochokera m'tauni kukwera ku Lichenya, ili ndi malo otsetsereka zedi ndipo siyoyenera kukanyowa, makamaka potsika. Wotsogolera ndiye asankhe, ndipo musanayambe nenani mokweza pamaso pa onse nthawi yobwererera: tikapanda kufika pamalo akuti pofika 12 koloko, tibwerera. Liwiro la gulu ndi la munthu wochedwetsetsa, ndipo gulu siligawikana.

Pa Dziwe la Nkhalamba ndi maiwe ena onse musasambe m'nyengo imeneyi. Madzi amatha kukwera m'mphindi zochepa chifukwa cha mvula yomwe yagwa kutali kumene simukuona, ndipo pansi pa mathithi pamakhala madzi ozungulira okokera munthu pansi.

Mvula ikakupezani panjira

Valani jekete madontho oyamba akangoyamba, musadikire kunyowa. Idyani kanthu. Kenaka funsani wotsogolera funso limodzi: pakati pa pano ndi nyumba yapafupi, kutsogolo kapena kumbuyo, pali mitsinje ingati? Lowerani mbali yomwe ili ndi mitsinje yochepa, ngakhale italikirepo. Timitsinje tomwe munadumpha m'mawa tingakhale titatsekeka kale kumbuyo kwanu.

Matanthwe a Mulanje akauma amagwira nsapato bwino, koma akanyowa, makamaka pomwe pali ndere zakuda kapena zobiriwira, amaterera ngati sopo. Pondani ndi phazi lonse, mapazi afupiafupi, thupi lili chilili osatsamira kuphiri. Pewani mizere yakuda yomwe madzi amayendamo. Potsika pamalo oopsa khalani pansi n'kutsetsereka pang'onopang'ono, kapena tembenukani kuyang'ana thanthwe. Mizu yonyowa ndi mitengo yakugwa musaiponde pamwamba, idumpheni. Udzu wa m'mbali suli wodalirika kugwirira nthaka ikafewa. Siyanani mamita atatu kuti wina akagwa asagwetse mnzake.

Mukaona mphezi, werengani masekondi mpaka bingu limveke. Masekondi atatu aliwonse ndi kilomita imodzi. Akachepera 30, muli kale pafupi moti ingakumenyeni. Chokani pamsonga, pamzere wa phiri, pansi pa mtengo woima wokha, ndi pakhomo la phanga losaya. Tsikirani pamalo otsikirapo koma osati mumkwaso wa madzi, mwazikanani mamita 15 kapena 20, ndipo aliyense anjute pamwamba pa chikwama chake mapazi ali pamodzi. Dikirani mphindi 30 kuchokera pa bingu lomaliza. Munthu womenyedwa ndi mphezi alibe magetsi m'thupi, mugwireni msanga. Ngati sakupuma, mudinikizeni pachifuwa ka 30 n'kumuuzira mpweya kawiri, mobwerezabwereza.

Nkhungu ikatseka moti simukuona mamita 20, sonkhanani n'kuwerengana. Njira ikasowa, imani pomwepo ndipo bwererani pamalo omaliza omwe munali otsimikiza. Musatsate mtsinje poganiza kuti ukufikitsani kumudzi. Mitsinje ya phirili imachoka pamwamba podumpha maphompho.

Kuwoloka mtsinje

Pamwamba pa Mulanje pali miyala yambiri ndi nthaka yosaya, motero mvula simira, imathamangira yonse m'makwawa. Kamtsinje kofika m'kakolo kamatha kufika m'chiuno pasanathe ola. Ubwino wake ndi wakuti kamaphweranso msanga: mvula ikaleka, timitsinje ting'onoting'ono timatsika m'maola ochepa. Mitsinje ikuluikulu monga Ruo, Lichenya, Thuchila ndi Likhubula imachedwerapo. Mu 1949 mlangizi wa zankhalango Fred France anakokoloka powoloka madzi odzadza m'chigwa cha Ruo, ndipo kanyumba kotchedwa France's Cottage ku Chambe kali ndi dzina lake. Anali munthu wodziwa phirili.

Mukafika pamtsinje wodzadza, zikani kamtengo m'mphepete penipeni pomwe madzi alekezera, bisalani pansi pa pulasitiki, valani zofunda, ndipo muonenso pakatha mphindi 20. Kamtengo kakamira, madzi akukwera, musayese. Kakatsala pouma, akutsika, dikiranibe. Ponyani kanthambi pakati. Kakamathamanga kuposa munthu woyenda, madziwo ndi amphamvu. Musawoloke ngati madzi othamanga apitirira bondo la munthu wamfupi pagulu, ngati mukumva miyala ikugubuduka pansi, ngati madzi ndi ofiira moti pansi sipakuoneka, kapena ngati kumunsi kuli mathithi, phompho kapena mtengo wakugwa womwe ungakole munthu. Chimodzi chokha mwa izi n'chokwanira kuletsa.

Madzi akatsika ndipo wotsogolera wavomera, sankhani pomwe mtsinje watambasuka, chifukwa pamenepo ndi posaya. Popapatiza ndi pakuya ndi paliwiro. Musadumphe pamiyala yonyowa muli ndi chikwama kumsana. Vulani masokosi koma nsapato zivalidwe, poti phazi lopanda nsapato limaterera ndi kuchekeka, ndipo munthu akamva kuwawa amadzidzimuka n'kugwa. Masulani lamba wa m'chiuno ndi wa pachifuwa wa chikwama kuti mukagwa muchitaye msanga. Tengani ndodo yolimba yofika paphewa, yang'anani kumtunda komwe madzi akuchokera, tsamirani ndodoyo, ndipo yendani cham'mbali mosuntha chinthu chimodzi nthawi imodzi: ndodo, phazi, phazi linalo. Miyendo isapingasane. Maso akhale kutsidya, chifukwa kuyang'anitsitsa madzi othamanga kumachititsa chizungulire.

Ngati pali ofooka, wolokani atatuatatu mutakolana mikono, wamphamvu ali kumtunda kuti aswe madzi, wofooka pakati. Wina aime kumunsi m'mphepete ndi ndodo yaitali. Musamange chingwe m'chiuno mwa munthu. Akagwa, chingwe chimamukanikizira pansi pa madzi ndipo sangadzimasule. Wogwa ataye chikwama, agone chagada miyendo ili kutsogolo kumunsi, n'kumapalasira m'mphepete mwa mtsinje. Usiku mtsinje wodzadza suwolokedwa. Kugona pansi pa pulasitiki mutathithikana n'kowawa, koma kumacha.

Munthu akazizidwa

Amene wanyowa, watopa, ali ndi njala ndipo mphepo ikumuwomba amatha kuzizidwa koopsa ngakhale kusanafike pozizira kwenikweni. Poyamba amanjenjemera, zala zimakanika kumanga zingwe za nsapato, amapunthwapunthwa, amakhala chete kapena kuyankha mokwiya. Mwiniwake sazindikira, choncho muziyang'anirana ndi kufunsana mafunso. Akayamba kulankhula zosamveka, kufuna kugona, kapena kusiya kunjenjemera akadali wozizira, zafika poipa.

Imani pamalo obisika ku mphepo, muvuleni zonyowa, muvekeni zouma zija ndi chipewa, ndipo mumugoneke pa zikwama kapena pa udzu wambiri, osati pansi kapena pamwala. Mufunditseni ndipo anthu awiri agone momukumbatira. Tenthetsani chifuwa ndi m'khwapa ndi botolo la madzi ofunda lokulunga m'nsalu. Ngati ali maso ndipo akumeza bwino, mupatseni tiyi wa shuga wambiri. Mowa ayi, chifukwa umatsegula mitsempha yapakhungu kutentha n'kumathawa. Musamutikite manja ndi miyendo kapena kumuyandikizitsa kwambiri pamoto, ndipo ngati wafooka mumunyamule mosamala atagona. Kokaitana thandizo kupite anthu awiri, mmodzi wodziwa njira, atalemba malo ndi nthawi. Netiweki ya foni m'phirimu imapezeka apo ndi apo, kawirikawiri m'mphepete moyang'ana kumidzi. Uthenga wolemba umadutsa pomwe kuimba kwakanika.

Kudikira m'nyumba ya m'phiri

Nyumba za Chambe, Lichenya, Chisepo, Thuchila, Chinzama, Sombani, Madzeka ndi Minunu zili ndi alonda omwe amathandiza ndi moto ndi madzi. Mukafika, sinthani zovala musanachite china chilichonse, kenaka chakumwa chotentha, kenaka nsima. Finyani zonyowa n'kuzipachika chapatali ndi moto, popeza nailoni imasungunuka. Nsapato zichotseni zam'kati, muzifwatike mapepala, ndipo zisayandikire moto chifukwa guluu amamatuka. Mbaula ya makala isagone m'chipinda chotseka, utsi wake wosaoneka umapha anthu ali m'tulo. Nkhuni zigwiritseni ntchito mosamala, ndipo mkungudza musaudule kapena kuugula. Mtengo wafuko lathuwu umamera mwachilengedwe m'phiri lino lokha, ndipo watsala pang'ono kutheratu. Madzi a mumtsinje nthawi ya mvula awiritseni kapena athireni mankhwala.

Kukacha mvula ikugwabe, tsiku lapadera lija lagwira ntchito yake. Mverani mlonda, amadziwa kamtsinje kalikonse kozungulira nyumba yake. Zimitsani mafoni onse kupatula imodzi, ndipo werengani chakudya n'kuchigawa masiku awiri.

Za Sapitwa tinene mosabisa. Kuchokera pa Chisepo ndi maola atatu kapena anayi kukwera, ndi ena otero kutsika, ndipo mbali yaikulu ndi matanthwe otsetsereka ndi miyala ikuluikulu yokwawira pansi pake. Zizindikiro za penti pamiyala sizioneka mu nkhungu. Ngati mwala uli wonyowa m'mawa, kapena msonga waphimbika, musapite. Kukwera pathanthwe lonyowa kumatheka, koma kutsika ndiye kumakanika, ndipo munthu amazindikira izi ali kale pamwamba. Tsiku labwino nyamukani kusanache, ndipo pofika 11 koloko muyambe kutsika kaya mwafika kaya simunafike.

Napolo

Anthu a ku Phalombe sanaiwale za Malichi 1991, pamene madzi, miyala ndi matope zinatsika m'phiri la Michesi n'kupha anthu mazanamazana, ndipo Freddy mu 2023 anasiya zipsera zomwe zikuonekabe m'mapiri a Mulanje ndi Phalombe. Izi zimachitika mvula yamphamvu ikagwa masiku angapo pa nthaka yokhuta kale. Zizindikiro zake ndi mkokomo wochokera kumtunda, fungo la dothi longokumbidwa, mitengo yopendekeka, ming'alu yatsopano panjira, ndi mtsinje wophwera mwadzidzidzi mvula ikugwabe, zomwe zimasonyeza kuti watsekeka kumtunda ndipo uphulika. Mukaona chimodzi, tayani katundu n'kuthawira cham'mbali, kukwera kuchoka m'chigwa. Kuthawira kumunsi motsata chigwa sikupulumutsa, matope amathamanga kuposa munthu. Malo ogona am'munsi mwa phiri omwe ali m'mphepete mwa mtsinje nawonso achokeni pa masiku otere.

Ulendo ukalephereka

Lipirani wotsogolera ndi onyamula katundu monga munagwirizanirana, ndipo chakudya chosachedwa kuwonongeka mugawane nawo. Dziwitsani ku ofesi ya zankhalango kuti simunakwere kapena mwatsika, komanso munthu wakunyumba uja, kuti pasakhale okufunafunani. Ngati misewu ili bwino, tsikulo lingathere m'minda ya tiyi ya ku Thyolo monga ya Satemwa, komwe amalandira alendo, kapena pa msika wa Chitakale pogula nanazi ndi nthochi. Ku mathithi musapite.

Ngati mukufuna kuyesanso pa ulendo womwewo, lolani tsiku limodzi lathunthu louma pambuyo pa mvula wamba, ndi masiku angapo pambuyo pa mvumbi, chifukwa nthaka imapitiriza kugumuka dzuwa litawala kale. Fupikitsaninso pulogalamu: kugona ku Chambe usiku umodzi n'kutsika m'malo mwa kudutsa phiri lonse. Ngati mukusintha mwezi, kumapeto kwa Epulo ndi Meyi phiri limakhala lobiriwira ndipo mitsinje yayamba kutsika, pamene Sepitembala ndi Okutobala ndi youma koma yotentha, ya utsi ndi moto wolusa. Mvula yaikulu ikadutsa njira zina zimagumuka ndipo timilatho ta matabwa timakokoloka, choncho musanasankhe tsiku latsopano funsani wotsogolera kuti ndi njira ziti zomwe anthu adutsamo sabata imeneyo.